Mbali ya Kumthunzi

Anakumana pa siteji ya minibasi pa Ntcheu boma. Thokozile, namwino wochokera cha ku Champiti, anaona laketi itatulukira m'chikwama cha mnyamata wina.

"Achimwene, chimenecho n'chophera udzudzu?"

Mnyamatayo anaseka. "N'cha tenisi, asisi. Ndine Silvester, mphunzitsi. Bwerani Loweruka ndidzakuphunzitseni."

Bwalo la pasukulu yake linali lasimenti yong'aluka. Mbali imodzi inali pamtetete, moyang'anizana ndi nyumba za aphunzitsi. Inayo inabisika kuseri kwa mitengo yowirira, pafupi ndi kageti kakumbuyo komwe Thokozile ankalowera. Nthawi zonse Silvester ankamuimika kumeneko.

"Khala kumthunzi, duwa langa. Dzuwa lizindiwotcha ine."

Ndani sakanakopeka? Akafika kunyumba ankapeza uthenga pafoni: "Mtima wanga, akamakumba mbatatesi ku Tsangano, ankhoswe anga afika kwanu."

Inatha miyezi inayi. Loweruka lina Bambo Fanizo, mphunzitsi wopuma amene anajambula mizere ya bwalolo kalekale, anaima n'kumaonerera.

"Mwamaliza magemu angati, ana inu?"

"Asanu, bambo," anayankha Thokozile.

"Nanga ine chifikireni sindinaone mukusinthana mbali? Paja mumasinthana ikatha gemu yoyamba, yachitatu, yachisanu."

"Timalize kaye iyi," anatero Silvester mofulumira.

"Ayi, aphunzitsi, lamulo mukulidziwa. Cholakwika chikadziwika chimakonzedwa pomwepo. Mapointi amene mwasewera kale sawafafaniza, koma sinthanani tsopano."

Thokozile anazungulira ukonde akuseka. "Lero nane ndilawe dzuwa!"

Ataima kumeneko, anaona koyamba khonde la nyumba ina. Mayi wina, mwana ali kumbuyo, ankayanika matewera. Mayiyo anasiya beseni, nayenda pang'onopang'ono mpaka pawaya wa bwalo. Anayang'ana Thokozile, kenako Silvester.

"Bambo a Maliro, kodi a Gibson amene mumasewera nawo Loweruka lililonse ndi amenewa?"

Silvester anangoyang'ana zingwe za laketi yake.

Thokozile anacheukira kumitengo yowirira ija. Ndiye mthunzi uja unali womubisa? Miyezi inayi yonse?

"Mayi, ine sindimadziwa," anatero Thokozile.

"Ndaonera pankhope panu," anayankha mayiyo. "Pitani bwino, asisi."

Thokozile anatsamiritsa laketi yobwerekayo pa ukonde. Sanabwerere kukageti kakumbuyo. Anatulukira kutsogolo, nadutsa pamaso pa nyumba zonse za aphunzitsi, dzuwa likumuwomba kumaso. Misozi anaisunga mpaka pamsewu.

Ali m'minibasi foni inalira, unali uthenga wa Silvester. "Duwa langa, pepa! Tiiwale za lero, tiyambirenso."

Anauwerenga kawiri. Chala chinazengereza, pakuti chikondi sichitha tsiku lomwe bodza laululika. Kenako analemba:

"Aphunzitsi, Bambo Fanizo munawamva. Zomwe zaseweredwa kale sazifafaniza."

Anatumiza, nafufuta nambalayo, natsekula windo kuti mphepo imuumitse kumaso.