Tinna ndi Dziwe la Panja

Tinna amakhala mumzinda wa Reykjavik, m'dziko lozizira kwambiri. Bambo ake ndi msodzi. Tinna ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukwera boti la bambo ake pa Tsiku la Asodzi, chikondwerero cha mwezi wa Juni.

Koma bambo ake anali ndi lamulo. Mwana wosadziwa kusambira sakwera boti lawo.

Tinna sankaopa madzi. Madzi a dziwe lophunziriramo kusambira la kusukulu ndi ofunda. Amachokera pansi pa nthaka ali otentha kale. Tinna ankaopa njira yopita kudziweko.

Dziwelo lili panja. Ana amayamba asamba ndi sopo m'nyumba. Kenako amatuluka ali onyowa, opanda nsapato. Kuchokera pakhomo kukafika pamadzi, mwana amaponda kakhumi.

Lolemba kunali mphepo. Tinna anaponda kawiri. Anabwerera.

Lachitatu kunagwa chipale chofewa, chozizira ndi choyera ngati ufa. Tinna anaponda katatu. Anabwerera.

Mkulu wake, Hildur, anamuseka.

"Ukudikira dzuwa, mwana iwe? Udzalowa m'madzi uli ndi imvi."

Tinna anakwiya. Koma Hildur sananame. Nyengo yozizira dzuwa la kuno ndi laulesi. Limadzuka ana atalowa kale m'kalasi.

Aphunzitsi, a Unnur, anamuuza zoona. Anati akapanda kulowa m'madzi, Juni amupeza asakudziwa kusambira. Tinna anaganiza za boti. 

Lachisanu kunabwera mphepo ndi chipale pamodzi. Tinna anaima pakhomo. Mano ankagundana. Anayamba kuwerenga mokweza.

"Kamodzi. Kawiri. Katatu."

Mphepo inamukankha. Mapazi anachita dzanzi.

"Kanayi. Kasanu."

Tinna anaima. Anafuna kubwerera. Anayang'ana kumbuyo. Kukafika pakhomo kunali kasanu. Anayang'ana kutsogolo. Kukafika pamadzi kunalinso kasanu.

"Ndi chimodzimodzi," anatero Tinna.

Anaponda, anaponda, anaponda. Kenako phava!

Madzi anali ofunda bwino. Nthunzi inkakwera. Chipale chinkagwera pamphuno pake n'kusungunuka. Tinna anaseka mpaka anamwa madzi.

Kuyambira tsiku limenelo sanajombe. Mvula, mphepo, mdima, iye ankawerenga basi. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsiku lina anasambira dziwe lonse, tsidya lino mpaka tsidya lina.

Juni anafika. Dzuwa laulesi lija tsopano linkakana kulowa. Padoko panadzaza anthu. Bambo anamuveka Tinna jekete loyandamitsa.

"Kwera, msodzi wanga," anatero bambo.

Thabwa lokwerera linali lalitali. Linkagwedezeka ndi mafunde. Tinna anadutsa bwinobwino. Koma Hildur anaima pakati n'kuyang'ana kumbuyo.

Tinna sanamuseke. Anatambasula dzanja.

"Musabwerere, achemwali. Kwatsala kasanu kokha."

Hildur anagwira dzanjalo. Anawerengera limodzi. Bambo analiza injini, ana awo onse awiri ali m'boti.