Elisi, Mbalame ndi Sitima ya ku Chipoka

Elisi anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mudzi wina kufupi ndi nyanja, m'dera la Salima.

Elisi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupita ku Chipoka kukaona sitima ya pamtunda. Ankafuna kupita ndi amayi ake. Ankafuna kupita ndi atate ake. Ankafuna kuti apite onse atatu, tsiku limodzi.

Masiku amenewo njanji inali yatsopano. Ana ambiri a m'mudzimo anali ataiona kale sitimayo. Ankati ndi yakuda bii. Ankati imalira kuposa ng'ombe khumi. Ankati imamwa madzi n'kumalavula utsi. Elisi ankangomvera. Iye anali asanaionepo.

Atate a Elisi anali a Lawson. Pakhomo pawo panali anthu atatu. Minda nayo inalipo itatu. Kukacha, atate ankapita kumunda wa thonje. Amayi ankapita kumunda wa chinangwa. Elisi ankapita kudambo, kumunda wa mpunga. Aliyense ankayenda njira yake.

Mpunga unali utayamba kucha. Ndipo mpunga ukacha, mbalame zimadziwa msanga kuposa mwini munda. Ntchito ya Elisi inali kuingitsa mbalamezo.

Pakati pa munda panali nsanja. Elisi ankakwera pansanjapo dzuwa likamatuluka. Zingwe zinkachoka pansanja kupita mbali zonse za munda. Pazingwezo panali zitini zakale. M'zitinimo munali timiyala. Elisi akakoka chingwe, zitini zinkalira.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

"Waaa! Chokani!" Elisi ankakuwa.

Mbalame zinkauluka. Posakhalitsa zinkabweranso. Mbalame zilibe manyazi.

Pansanja panalibe wocheza naye. Elisi ankaimba yekha. Ankadya mbatata yake yekha. Nthawi zina ankaseka yekha, koma kuseka wekha sikukoma. Elisi ankasungulumwa kwambiri.

Kuseri kwa bango kunali munda wina wa mpunga. Kumeneko kunkamveka mawu a mtsikana wina. Dzina lake anali Kulusumu, mwana wa Che Abdallah, msodzi wa kugombe. Elisi sankamuona, chifukwa bango linali lalitali. Ankangomva mawu ake.

Elisi akati, "Waaa!" Kulusumu ankati, "Haaa!"

Macheza awo anali omwewo basi.

Loweruka lililonse sitima inkalira kutali. Elisi ankaimirira pansanja. Ankasolola khosi. Ankangoona kautsi kokha kuseri kwa mitengo.

Tsiku lina madzulo anafunsa atate ake pakhonde.

"Atate, tidzapita liti ku Chipoka?"

"Nanga mpunga tisiyire yani, mwanawe?" anatero atate.

"Tsiku limodzi lokha, atate."

"Mbalame sizifuna masiku awiri," anatero amayi. "Limodzi lomwelo zimaliza munda."

"Nanga tikamweta mpunga?"

"Thonje likhala likutidikira."

"Nanga tikatola thonje?"

"Tiyamba kusosa."

Elisi ankawerenga ntchitozo pazala. Zala zinatha, koma ntchito sizinathe. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Atate anamusisita kumutu. "Chabwino," anatero akuseka. "Ukapeza wotikokera zingwe Loweruka, tipita."

Atate ankangocheza. Koma Elisi anawasunga mawuwo.

Lachinayi m'mawa Elisi anamasula mbuzi ya amayi ake. Anaitenga ndi chingwe chake chachitali. Anapita nayo kudambo. Anaimangirira ku zingwe za zitini, pansi pa nsanja.

Mbuzi inayenda uku. Ngwe! Ngwe! Mbuzi inayenda uko. Ngwe! Ngwe! Mbalame zonse zinathawa.

Elisi anavina pansanja. "Ndamupeza mlonda! Loweruka tikupita!"

Anafuna kuona ngati mlondayo angagwire ntchito payekha. Anatsika pansanja. Anapita kukhwawa kukamwa madzi. Anasamba kumaso. Anatola tizigoba ta nkhono. Sanafulumire ayi.

Pobwerera, sanamve zitini. Kumunda kunali zii.

Mayo ine! Mbuzi inali itaima pakati pa mpunga. Inkadya mosatekeseka. Mbalame nazo zinkadya pambali pake. Mlonda ndi akuba ankadyera mbale imodzi.

Nthawi yomweyo atate anatulukira. Ankafunafuna mbuzi yosowayo. Anayang'ana mbuzi. Anayang'ana mpunga. Anayang'ana Elisi.

Sanamukalipire. Anangopukusa mutu.

"Mwana wanga, mbuzi sitiilemba ntchito m'munda," anatero. "Za ku Chipoka tiiwale."

Anaimasula mbuziyo n'kuikoka ndi nyanga. Chingwe chachitali chija chinatsala pansi pa nsanja. Elisi analira mpaka mawu anasasa.

Lachisanu Elisi anakweranso pansanja. Analibe mphamvu. Anakoka chingwe pang'onopang'ono.

"Waaa!" anakuwa.

Anadikira. Kuseri kwa bango sikunamveke kanthu.

"Waaa!" anakuwanso.

Kunali zii. Kulusumu kunalibe. Tsiku limenelo Elisi anatsala yekhayekha m'dambo lonse. Mtima unamupweteka kuposa dzulo.

Kenako anaona mbalame. Zinali zambiri ngati mtambo wa mvula. Zinazungulira kamodzi. Zinazungulira kawiri. Zinatera m'munda wa Kulusumu.

Elisi anagwira njakata. Akachoka, mbalame zitera m'munda wa kwawo. Atate akhumudwanso. Akakhala, mpunga wa Kulusumu utha lero lomwe.

Anayang'ana pansi pa nsanja. Anaona chingwe cha mbuzi chija.

Elisi anatsika msangamsanga. Anamanga nsonga imodzi kunsanja yake. Nsonga inayo anaigwira m'manja. Analowa m'bango akuthamanga. Matope anamufika m'mawondo. Bango linamucheka m'mikono. Sanaime.

Anafika pansanja ya Kulusumu. Panali kamphasa ndi chikho cha madzi, koma munthu panalibe. Elisi anasonkhanitsa zingwe zonse za m'mundawo. Anazimanga pamodzi ndi chingwe cha mbuzi. Anabwerera kunsanja yake akuthamanga.

Dzanja lamanja linakoka zingwe za kwawo. Ngwe! Ngwe! Dzanja lamanzere linakoka chingwe cha mbuzi. Kuseri kwa bango kunamveka, ngwe! ngwe! Mtambo wa mbalame uja unadzuka.

"Waaa!" Elisi anakuwira munda wa kwawo.

"Haaa!" anakuwira munda wa Kulusumu.

Anakoka m'mawa wonse. Anakoka masana onse. Mbatata yake sanaidye, chifukwa manja onse anali pantchito. M'manjamo munatuluka matuza.

Dzuwa litapendeka, bango linagwedezeka. Munatuluka bambo wamtali. Anali ndi ndevu zoyera ndi chisoti choyera. M'manja mwake munali chingwe cha mbuzi. Ankachilondola pang'onopang'ono. Anali Che Abdallah, atate a Kulusumu.

"Iwe mwana! Ndiwe ukuliza zitini zanga?" anafunsa.

"Ndine, bambo," Elisi anayankha ndi mantha.

"Ine ndafika pamunda, zitini zikulira zokha, munthu palibe. Ndimati ndi majini! Pang'onong'ono n'kanathawa."

Elisi anaseka pang'ono. "Nanga Kulusumu ali kuti?"

"Wadwala malungo. Amayi ake akumudwazika kunyumba. Ine ndinali panyanja, sindimadziwa. Ndathamanga ulendo wonse. Ndimati ndipeza mapesi okhaokha."

Che Abdallah anayang'ana m'manja mwa Elisi. Anaona matuza aja.

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike," anatero. "Mpunga wanga ulipo chifukwa cha timanja iti."

Madzulo Che Abdallah anafika pakhomo pa a Lawson.

"Odi kuno!"

"Odini, Che Abdallah. Fikani," anatero atate. Amayi anayala mphasa.

Atate anamuyang'ana Elisi ndi diso la kumbali. Ankaganiza kuti mbuzi yalakwanso.

Che Abdallah anafotokoza zonse. Anafotokoza za mbalame, za chingwe ndi za matuza. Amayi anagwira manja a Elisi n'kuwauzira mpweya.

"Tsono mwana ameneyu ndimupatse chiyani?" anafunsa Che Abdallah. "Chambo? Usipa?"

Elisi anayang'ana pansi. Anayankhula motsitsa mawu.

"Ndikufuna wotikokera zingwe mawa."

"Iwe Elisi!" anatero amayi. "Ukuwatuma akuluakulu?"

"Atate anati ndikapeza wokoka zingwe Loweruka, tipita ku Chipoka."

Atate anakanda kumutu. Mawu anali awo ndithu. Sakanawakana.

Che Abdallah anaseka mpaka ndevu zinagwedezeka. "A Lawson, mnzako akapsa ndevu m'zimire. Zanga wazima ndi mwana wanuyu. Mawa pansanja ndikhala ine."

"Munthu wamkulu ngati inu, pansanja ya mwana?"

"Chingwe chilipo kale. Minda iwiri, mlonda mmodzi. Inshallah, Mulungu akalola, mbalame zikangoona ndevu izi zithawa zokha."

Atate anatembenukira kwa amayi. "Amake Elisi, nanga chinangwa?"

"Chinangwa chilibe miyendo. Nanga thonje lanu?"

"Nalo silithawa," anatero atate.

Loweruka ananyamuka mmamawa. Amayi anasenza dengu la mbatata zophika. Atate ananyamula nzimbe ziwiri paphewa. Elisi anayenda pakati pawo.

Podutsa kudambo anamva mawu aakulu, a besi.

"Haaa! Waaa! Chokani, akuba inu!"

Onse atatu anaseka. Kuseka kwa anthu atatu kunakoma.

Njira inali yaitali. Dzuwa linakwera. Elisi atatopa, atate anamunyamula paphewa. Ali pamwambapo anamva atate akuimba mluzu. Elisi anadabwa. Sankadziwa kuti atate ake amatha kuimba mluzu.

Anafika pamtengo wa mlambe. Atate anaponya ndodo kuti agwetse malambe. Anaphonya. Anaponyanso. Anaphonyanso.

"Bweretsani kuno," anatero amayi.

Amayi anatula dengu. Anaponya kamodzi kokha. Malambe awiri anagwa, thi! thi!

"Mtengowo ndinaufooketsa ndine," anatero atate.

Elisi anaseka mpaka m'mimba munamupweteka.

Ku Chipoka kunali anthu ambiri. Ena anali ndi mitolo ya nsomba zouma. Ena anali ndi nkhuku m'zitete. Ena anangobwera kudzaona, ngati iwo. Anapeza mthunzi pansi pa mtengo, kufupi ndi njanji. Anakhala pansi.

"Ikubwera!" anthu anakuwa.

Nthaka inayamba kunjenjemera. Utsi wakuda unakwera kumwamba. Kenako kunamveka kulira koopsa.

Pwiiiiii!

Kuja kudambo, kulira kumeneku kunkamveka ngati kamwana ka mbalame. Pano kunali ngati thambo lang'ambika. Elisi anadumpha. Anabisa nkhope m'nsalu ya amayi. Anagwira dzanja la atate zolimba. Anatsinzina.

"Tayang'ana, Elisi! Iyo yaima apo!" anatero atate.

"Iyayi!"

"Siiluma, mwanangu," anatero amayi.

"Iyayi!"

Anthu anatsika. Ena anakwera. Sitima inamwa madzi ake. Inaliranso, pwiii! Inanyamuka kulowera ku Salima. Elisi anali chitsinzinire.

Phokoso litatha, anatulutsa diso limodzi. Njanji inali yokhayokha.

"Waiona sitima?" anafunsa atate.

"Ndaona utsi," anatero Elisi.

Amayi anaseka mpaka misozi. Atate anagwira pamphumi.

"Ulendo wonse uja, tadzaonera utsi? Utsi uliponso kwathu!"

Elisi anachita manyazi. Ankaopa kuti atate anena kuti tiyeni tizipita.

Atate anaimirira. Anapita kukafunsa bambo wina wovala yunifolomu. Anabwerako akupukusa mutu.

"Akuti ibwereranso lero lomwe. Koma ichedwa. Mpaka dzuwa lipendeke."

"Ndiye titani?" anafunsa amayi.

Atate anayang'ana Elisi. Anakhalanso pansi. Anatenga mpeni n'kuyamba kusenda nzimbe.

"Tidikira," anatero.

Amayi anavundukula dengu. Atate anadula nzimbe zidutswa zinayi. Chimodzi Elisi anachikulunga m'nsalu. Chinali cha Kulusumu.

Anadya mbatata. Anatafuna nzimbe. Atate anamuphunzitsa Elisi kuimba mluzu, koma kunkangotuluka mpweya. Amayi anamutola timinga ta udzu m'tsitsi. Panalibe wonyamula khasu. Panalibe wothamangira kumunda.

Elisi anagoneka mutu pamiyendo ya amayi. Mapazi anawasanjika pamiyendo ya atate. Anali wokondwa kwambiri.

Patapita nthawi atate anasuzumira kunjanji.

"Sitimayi ikuchedwatu," anatero.

Elisi anawakoka malaya kuti akhale pansi.

"Ichedwe, atate," anatero. "Ichedwe ndithu."