Nohea Wakana Kuchoka pa Mwala

Uyu ndi Nohea. Kwathu kuno pachilumba cha Molokai, tonse timamudziwa. Ndi wamfupi, koma makani ake, eee!

Tsiku lina Nohea ankafuna ndere. Mlongo wake Ikaika anali atakwanitsa chaka chimodzi, ndipo ankamukonzera phwando. Nsomba ya paphwando popanda ndere, ndani angadye?

Nohea anapita kunyanja ndi Malume Palani. Madzi anali ataphwa. Miyala inali poyera.

Pa mwala woyamba panali ndere yobiriwira, yonga tsitsi. Malume anazula yonse.

Pa mwala wachiwiri panali ndere yachikasu, yokhakhala. Malume anazulanso yonse.

"Malume, musazule!" anatero Nohea. "Budulani nsonga zokha. Tsinde lisiyeni, iphukenso."

"Aaa, iwe! Ndere ndi ndere," anatero Malume. "Nyanja yonseyi ingathe ndere? Tachedwa!"

Panatsala mwala umodzi. Pamenepo panali ndere yofiira, yofewa ngati nthenga. Ife timaitcha limu kohu. Pagombe lathu lonse, inatsala pa mwala umenewo basi.

Nohea anathamanga. Anakwera pa mwala. Anatambasula manja.

"Choka apo!" anatero Malume.

"Sindichoka," anatero Nohea.

Funde linabwera. Khuu! Linamunyowetsa miyendo.

"Choka, mwana iwe!"

"Sindichoka!"

Malume anamunyamula ngati thumba la mpunga. Anamutula pamchenga. Potembenuka, Nohea ali kale pa mwala!

Anamunyamulanso. Anamutulanso. Koma abale, mwana uyu! Anabwereranso.

Funde lina linabwera. Khuu! Nohea ananyowa thupi lonse. Mantha anali nawo, koma sanasunthe.

"Malume, Ikaika sanailawepo ndere iyi," anatero Nohea. "Mukazula lero, akadzakula adzaipeza kuti?"

Malume anacheuka. Anaona mwala woyamba uli mbee. Anaona mwala wachiwiri uli mbee. Manyazi anawagwira.

"Chabwino, abwana," anatero Malume. "Mwawina. Tsikani tibudule."

"Nsonga zokha?"

"Nsonga zokha."

Anabudula pang'ono. Anabudulanso pang'ono. Ndere inangodzaza m'manja mwa Nohea. Yambiri inatsala pa mwala.

Kuphwando kunadzaza anthu. Amayi ake a Nohea anasuzumira m'mbale.

"Achimwene, limu kohu yake yomweyi?" anafunsa Amayi.

"Musandifunse ine, achemwali," anatero Malume. "Funsani mlonda wanu uyo."

Nohea anatapa kandere ndi chala. Anamulawitsa Ikaika. Ikaika anakwinya nkhope. Anatafuna. Anameza. Kenako anayasamulanso kukamwa. Aaa!

Anthu onse anaseka.

"Yatha, Ikaika," anatero Nohea. Anamupukuta pakamwa. "Koma usalire. Ina ikukula kunyanja. Ndakusungira mwala wathunthu."