Mayina Abodza a Elvis Zuze

Ku Bangula kunalibe munthu wosadziwa buledi wa a Sebastiano Zuze. Luso lophika analitengera kwa bambo awo amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo buledi wawo anali wa khungu lokhuthala, wofewa m'kati. Mavenda a njinga ankamupikula m'mamawa kukagulitsa ku Tengani, ena mpaka ku Marka. Pakhomo pawo panali pa mtendere. Ntchito ya pa bekale inkayamba ndi pemphero, ndipo akazi awo, mayi Emelia, anali a m'kwaya ku tchalitchi.

Mwana wawo Elvis atamaliza Fomu 4, bambo ake anamugulira foni yabwino.

"Masiku ano anthu sadandauliranso pa kauntala," anatero a Zuze. "Amadandaulira m'foni, ndipo ine maso angawa sangakwanitse. Iwe ulowe m'magulu onse a pa Fesibuku ndi pa Watsapu a kuno kwathu. Wina akatchula buledi wathu, kaya ndi zabwino kaya zoipa, undiuze tsiku lomwelo. Wodandaula uzimuyankha mwaulemu. Wamva?"

"Ndamva, baba."

Poyamba Elvis ankagwira bwino ntchitoyi. Gulu lalikulu linali la pa Fesibuku lotchedwa Bwalo la Chigwa. Munali aphunzitsi, amalonda, ogwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndi ana a kuchigwa okhala ku Blantyre ndi ku Joni. Bambo wina atalembamo kuti buledi wayamba kuchepa, Elvis anapepesa, bambo ake anakonza sikelo, ndipo anthu anayamikira.

Kenako Elvis anapalana ubwenzi ndi Witness, mnyamata wokonza mafoni pa siteji ya minibasi. Witness anamuphunzitsa kubetcha mpira pa foni, ndipo pa kubetchapo panabweranso mowa. Bandulo ya ntchito inayamba kuthera ku mpira. Mauthenga a m'magulu aja ankamusokoneza, choncho anawatseka kuti asamalire.

Mayi ake anaona kusintha.

"Maso ako ali pa foni tsiku lonse, koma sindikumvanso ukuwauza kanthu bambo ako. Kodi anthu asiya kulankhula?"

"Onse akukhutira, mama."

"Anthu a kuno kukhutira onse? Mwana iwe, ntchito imene wapatsidwa usaiyese yaing'ono chifukwa ilibe thukuta. Ndiponso Witness uja sindikumukonda."

Elvis anangoseka n'kutuluka.

Chaka chimenecho mvula inachuluka. Chinyezi chinalowa m'chipinda chosungira ufa, ndipo matumba a pansi anayamba nkhungu popanda wozindikira. Mayi Juliana, mphunzitsi wa pulayimale ku Tengani, anagula buledi wonunkha chuku, ndipo mwana wawo wamkazi atadya anatsegula m'mimba. Mayiwo analembera bekale uthenga wapadera, mwaulemu. Sanayankhidwe. Analembanso, koma kunali zii. Pamenepo anaika chithunzi cha bulediyo mu Bwalo la Chigwa ndi mawu akuti, "Sindikufuna kuipitsa munthu. Ndikungopempha a Zuze aone ufa wawo, ana angapweteke."

Elvis anaziona Lamulungu masana ali koonera mpira, pamodzi ndi mauthenga awiri aja amene anali asanawawerenge, ndipo anachita kumuonetsa Witness. Ndemanga zinali zitachuluka kale. Ena ankati nawonso anamva fungo. Ambiri ankafunsa chifukwa chimene a bekale sakuyankhira.

"Ndipite ndikawauze baba," anatero Elvis.

"Ukawauze kuti chiyani?" anafunsa Witness. "Kuti mayiyu analemba kalekale iwe uli ku mpira? Akulanda foni, akuika pa uvuni. Tamvera, aise. Moto wa pa intaneti sauzimitsa ndi madzi, amauzimitsa ndi moto wina. Anthu apatse nkhani yokoma kuposa ya buledi."

"Nkhani yanji?"

"Bweretsa foniyo."

Witness anatsegula maakaunti a mayina abodza, ina ya mzimayi wotchedwa Lily, ina ya bambo wotchedwa Nedson, ndi zithunzi zongotola. Anamuuza Elvis zolemba. Nedson analemba kuti buledi wa Zuze ndi wabwino ndipo chithunzicho n'chopanga. Lily analemba kuti mayi Juliana ndi chibwenzi cha a Augustino, mwini wa bekale ina ya pa msika, ndipo atumidwa kuti agwetse a Zuze.

Nkhani ya chibwenzi inathamanga kuposa ya nkhungu. Anthu anasiya buledi n'kuyamba kukamba za mphunzitsiyo. Ena anamutukwana, ena anafukula zithunzi zake za pa ukwati n'kumaziseka. Elvis anaona kuti zatheka, ndipo anamugulira Witness mowa.

Ku Tengani zinthu zinaipa. Ana a sukulu ankanong'onezana mayi Juliana akamalemba pa bolodi. Amuna awo, amene ankagwira ntchito ku Nchalo, anatumiziridwa nkhaniyo ndi anzawo. Anabwera kunyumba ali wokwiya n'kuwauza kuti abwerere kwa makolo awo ku Mlolo. Ndipo popeza a Zuze sankadziwa kanthu, matumba a nkhungu aja anapitiriza kulowa mu uvuni. Ana enanso anadwala, mmodzi mpaka kugonekedwa kuchipatala.

Madandaulo atayambiranso, Elvis anaonjezera bodza. Tsiku lina masana, atamwa, analemba kuti, "Ine Lily ndine mzimayi mnzake. Ndinamuona ndi maso angawa akutuluka m'nyumba ya Augustino." Koma anaiwala kusintha akaunti. Mawuwo anatuluka pansi pa dzina la Bekale ya Zuze, pambali pa chithunzi cha bambo ake atanyamula buledi. Anafufuta msangamsanga, koma anthu anali atajambula kale. Pofika madzulo chithunzicho chinali m'gulu lililonse la kuchigwa.

M'mawa mwake mavenda a njinga sanabwere. Buledi anangodzaza m'makireti. A Zuze ali chiimire pakhomo kudabwa, anafika a Pius, mkulu wa mpingo wawo, foni ili m'manja.

"Achimwene, kodi izi mwalemba ndinu?"

A Zuze anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono, kuyambira pa pempho la mayi Juliana mpaka pa mawu a Lily. Atamaliza anabweza foniyo kwa a Pius. Analowa m'chipinda cha ufa, anasuntha matumba a pamwamba, n'kung'amba limodzi la pansi. Ufawo unali wobiriwira. Pamenepo anaitana Elvis.

"Lily ndi ndani?"

Elvis anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Lily ndi ndani?"

"Ndine, baba."

"Mayi uja anatithandiza. Ukanandiuza tsiku loyamba, tikanataya matumba ochepa, n'kupepesa kwa munthu mmodzi, basi. Iwe wabisa ufa woola, ana a eni akudya. Wathetsa banja la munthu wosalakwa. Ndipo wachita zonsezi nkhope yanga ili pambali."

Mayi Emelia anakhala pansi pa khonde n'kuyamba kulira.

Tsiku lomwelo a zaumoyo anabwera n'kutseka bekale. Mayi Juliana anali atakadandaula ku polisi, ndipo Elvis anatengedwa pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu pa intaneti. Anatchula Witness, koma Witness anakana. "Ine ndimangokonza mafoni, bwana. Zimene munthu amalemba ndi zake." Zonse zinali m'foni ya Elvis, choncho mlandu unali wake yekha.

A Zuze ndi a Pius anawoloka Shire kukafika ku Mlolo. Anapeza mayi Juliana pakhomo pa makolo awo, ndipo a Zuze, munthu wa imvi, anagwada.

"Dzukani, bambo," anatero mayiwo. "Za buledi ndinakhululuka kale, nkhungu imagwera aliyense. Koma dzina langa mundibwezera bwanji? Amene anawerenga bodza ndi ambiri. Amene awerenge kupepesa adzakhala ochepa."



Pambuyo pokambirana, mayi Juliana anavomera kuthetsa mlandu, koma anati Elvis alankhule yekha pa kanema, nkhope yake ikuoneka, ndipo kanemayo aikidwe m'gulu lomwe lija. Elvis anatero. Anatchula mayina abodza onse, ananena kuti za chibwenzi anapeka, napepesa kwa mayi Juliana, kwa a Augustino ndi kwa makolo a ana amene anadwala. Kulapa kwake kunali koona.

Amuna a mayi Juliana anapita kukawatenga, koma mayiwo anapempha kusamutsidwa sukulu, chifukwa ku Tengani sakanathanso kuima pamaso pa ana. Bekale inatsegulidwa patapita miyezi, makasitomala ambiri atazolowera kwina. A Zuze anachotsa antchito amene anakhala nawo zaka zambiri, poti panalibe chowalipira. Mavenda ochepa okha ndi amene anabwerera, ndipo Elvis anayamba kupalasa yekha njinga ya buledi padzuwa la kuchigwa. M'misika anthu samutchulanso Elvis. Akamuona amakuwa kuti, "Lily wafika!" Iye amangotsitsa kireti n'kuyamba kugulitsa.

Achinyamata, tchimo la Elvis silinayambe ndi bodza. Linayamba ndi ulesi pa ntchito imene anapatsidwa, ndipo bodza linabwera kudzabisa ulesiwo. Munthu akakudandaulirani, muyankheni msanga ndipo nenani zoona, ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Musamvere mnzanu wokuuzani kuti mudziyeretse podetsa wina. Dzina labodza likhoza kukubisani kwa anthu kwa kanthawi, koma kwa Mulungu silikubisani, ndipo zimene mwalemba pa foni zimapweteka anthu enieni amene ali ndi mabanja awo.