Evelina ndi Madontho Ofiira

Evelina anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ndi amayi ake m'mudzi wa Yofu, pafupi ndi nyanja. Evelina anali ndi chinsinsi. Chinsinsicho chinkamuopsa.

Tsiku lina m'mawa anapita kukakodza. Anamva kuwawa. Anayang'ana pansi. Madontho omaliza anali ofiira. Ofiira ngati magazi!

Evelina anakwirira ndi mchenga. Sanauze amayi ake.

M'mawa mwake, ofiira. Tsiku linanso, ofiira.

Anauza mnzake Rose yekha. Awiriwa ankaviika chinangwa pathamanda. Madzi anali m'mawondo.

"Usanene," anatero Rose. "Akakutengera kuchipatala. Kumeneko kuli mipeni. Amang'amba mimba."

Evelina anagwira mimba yake.

"Ndisiya kumwa madzi," anaganiza. "Ndikapanda kumwa, sindikodza."

Tsiku lotsatira anapita kumunda ndi amayi ake. Dzuwa linaswa mtengo. Kukhosi kunauma gwa.

"Imwa madzi, mwanangu," anatero amayi.

"Ndilibe ludzu, amama."

Koma mkodzo unabwerabe. Evelina anaugwira. Anapana miyendo. Anaima ndi mwendo uwu. Anaima ndi mwendo uwo.

"Bwanji ukuvinavina?" anafunsa amayi.

"Palibe, amama."

Anaugwira. Anaugwirabe. Kenako analephera. Anathamangira kuseri kwa thanthwe.

Apa panalibe mchenga. Panali mwala wokhawokha. Madontho ofiira anaonekera poyera.

Amayi anafika. Anayang'ana pamwalapo. Khasu linagwa pansi.

"Zayamba liti izi?"

"Kale, amama."

"Atate ako ali ku Joni. Ine ndili ndi iwe wekha. Tiye kuchipatala ku Chipyela!"

"Ayi, amama! Akanding'amba!"

Amayi anamubereka ndi nsalu ngati khanda. Anayamba ulendo.

Njira inali yamiyala. Anadutsa mlambe woyamba. Anadutsa mlambe wachiwiri. Evelina ankalira kumbuyo. Amayi ankapuma wefuwefu, koma sanaime.

Anafika kuchipatala cha mishoni. Anawalandira a Matias, othandiza dokotala. Evelina anayang'ana manja awo. Munalibe mpeni. Munali kabotolo.

"Kodzera umu, mwanawe," anatero a Matias.

Evelina anapita kuseri. Anayesa. Sunatuluke. Anayesanso. Ngakhale dontho!

Anabwerera ndi kabotolo kopanda kanthu.

"Wamwa madzi lero?" anafunsa a Matias.

"Ayi. Ndimafuna mkodzo uleke."

"Mkodzo suleka. Ukaleka, munthu amadwala kwambiri. Imwa, tidikire."

Evelina anamwa chikho chimodzi. Anamwanso china. A Matias anatenga sileti ndi choko. Anajambula tinthu tiwiri tonga nyemba.

"Izi ndi impso. Uli nazo ziwiri, kumsana kuno. Zimasefa magazi ako. Zimachotsa zoipa pamodzi ndi madzi. Umenewo ndiwo mkodzo."

Anajambulanso mizere iwiri ndi kathumba kumunsi kwake.

"Utu ndi tinjira tiwiri. Mkodzo umatsika pang'onopang'ono. Umatsikira m'kathumba aka. Dzina lake ndi chikhodzodzo. Unaonapo cha mbuzi?"

"Eee. Anyamata amachiuzira. Chimakhala mpira."

"Chako chimafutukanso choncho. Chimasunga mkodzo. Chikadzaza, chimakuuza. Ndiye iwe umatsegula kanjira ka pansi. Mkodzo umatuluka."

Posakhalitsa Evelina anadzuka msanga.

"Chandiuza!"

Anathamangira kuseri. Ulendo uno kabotolo kanadzaza. Mkodzo unali wofiirira.

A Matias anaika dontho pa kagalasi. Anakaika pa makina oonera tinthu tating'ono. Anatseka diso limodzi. Anasuzumira.

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

Amayi anafinya dzanja la Evelina. Kunyanja sitima inalira, pooo! A Matias ankasuzumirabe.

"Mwaona chiyani, bambo?" anafunsa amayi. Mawu awo anali otsika.

"Bwera, Evelina. Dzionere wekha."

Evelina anakwera pa kampando. Anasuzumira. Anaona tinthu tonga njere za nkhaka. Kalikonse kanali ndi kamunga kunsonga.

"Amenewo ndi mazira," anatero a Matias. "Matendawa ndi likodzo. Kodi umalowa m'madzi odikha? M'madzi a nkhono?"

"Eee. Pathamanda la chinangwa."

"M'madzi otere mumakhala tinyongolotsi. Sitioneka ndi maso. Timalowa pakhungu. Timakaikira mazira pachikhodzodzo. Mazirawo amabaya. N'chifukwa chake ukuona magazi."

Evelina anatsika pa kampando.

"Ndiye munding'amba?"

"Ayi. Sitikung'amba. Tikubaya jakisoni. Osati imodzi. Zambiri."

"Zimawawa?"

"Zimawawa. Sindikunamiza. Koma uchira."

Evelina anayang'ana amayi ake. Amayi anagwedeza mutu. Evelina anatambasula mkono. Anatseka maso. Singano inalowa. Msozi unatsika, koma mkono sanaubweze.

Anabweranso tsiku lina. Anabweranso lina. Masiku ena ankatsokomola chifukwa cha mankhwalawo. Masiku ena ankachita nseru. Amayi ankamuperekeza nthawi zonse. Evelina sanalowenso pathamanda. Madzi ankamwa ambiri.

Panapita milungu inayi.

M'mawa wina Evelina anapita kukakodza. Sanamve kuwawa. Anaopa kuyang'ana. Anatsegula diso limodzi. Anatsegulanso linalo.

"Amama! Amama! Wayera! Mkodzo wanga wayera!"

Nkhuku zinabalalika. Anthu a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

Amayi anabwera akuthamanga, manja ali ufa wokhawokha.

"Iwe, osakuwa! Yofu yonse yamva!"

"Imve, amama!"

Amayi anaseka mpaka anakhala pansi. Anamukoka Evelina. Anamukhazika pamiyendo. Nkhope yonse ya Evelina inayera ndi ufa.