Galimoto Yodya Mikono ya Anansi

Mumzinda wonse wa Daegu munalibe munthu amene anagwirapo ziwongolero za galimoto zodula kuposa Pyo Man-seok, koma kwawo ankabwerera pa basi. Ntchito yake inali yoyendetsera anthu oledzera. Bwana akakhuta mowa ankaimba foni, Man-seok n'kuthamanga kukamutula pakhomo pa galimoto ya bwanayo. Ena ankamusanzira, ena ankamuitana kuti "iwe", tiana toti akanatha kubereka yekha. Zonsezo ankapirira. Chimene chinkamudya mtima chinali galimoto za ku Jeremani. Chitseko chake chikamatsekeka chinkamveka ngati munthu wolemera akutsokomola mwaulemu, ndipo mpando wake unkamufunditsa msana ngati ukumudziwa. Akafika ankabweza makiyi ndi manja awiri, n'kuwerama, n'kuchoka fungo la chikopa lili m'malaya.

Pa nyumba zosanja zakale zimene ankakhala, malo oimikapo galimoto anali ochepa monga zilili paliponse. Wobwera mochedwa ankaimika yake kutsogolo kwa za anzake, n'kuisiya yomasula, giya pa nyutulo, buleki osakoka, kuti m'mawa wotsekeredwayo angoikankha n'kutuluka. Man-seok ankafika kuchokera kuntchito nthawi yokankhayo, ndiye aliyense ankamukodola. Wokonda kumukodola anali Tak, mwini butchala, munthu wa khosi ngati la ng'ombe zimene ankagulitsa.

"Adalaivala, tagwirani apa, inu mumazidziwa izi. Nanga galimoto yanu ija ikadali pa sitima yapamadzi?"

Man-seok ankakankha, mano ali gwa. Pakhomo pake galimoto inalipo, koma inali kabokosi kotha penti ka mkazi wake Chun-ok, konyamulira mpunga kupita kukashopu kake kumsika. Kumeneko mayiyo ankakulunga gimbap tsiku lonse, mpunga m'ndere za m'nyanja, ndipo manja akewo ndi amene ankadyetsa banja. Man-seok sankakawerengera kabokosiko ngati galimoto. Ankati kuli bwino kuyenda wapansi kusiyana n'kuonedwa m'menemo.

Tsiku lina masana anakwera kanjira kakumtunda, kukafika pa nyumba ya mbendera yofiira ndi yoyera pansungwi. Umo munkakhala sing'anga wina dzina lake Eom, mwamuna wowonda wa magalasi. Anamupeza akudya, ndipo Eom sanasiye. Anangomwaza timpunga patebulo ndi dzanja limodzi, n'kutiyang'ana.

"Mukufuna chuma, kapena mukufuna kuti azikuweramirani?"

"Zimasiyana kodi?"

"Mtengo wake umasiyana."

"Ndikufuna ya ku Jeremani. Yakuda. Ndiziimika pamphuno pa Tak."

Eom anati zimenezo n'zazing'ono. Chuma chibwera kusanayambe kuzizira, ndipo akagule galimotoyo. Mwambo wa galimoto yatsopano achite monga amachitira aliyense, mutu wa nkhumba, mowa wa mpunga pamatayala, kupatula chimodzi: nsomba youma yoika m'buti atenge ya iyeyo. Anaitulutsa pansi pa tebulo. Ulusi umene anaikulunga sunali woyera ngati wa nthawi zonse. Unali wotuwa ngati imvi.

"Madzulo muziimika potsekereza anzanu, yomasula. M'mawa wina aziikankha. Idzadya mikono ya woikankhayo, inu n'kumalemera."

"Azifa?"

"Wokankha kamodzi amangomva dzanzi. Wokankhakankha, ndiye zimatengera thupi lake." Eom anamwa msuzi. "Akhale wokudziwani dzina. Mlendo siimukonda, choncho musasamuke."

"Nanga akasowa wokankha?"

"Imapirira njala pang'ono. Kenako imaitana mwini wake. Ndipo mwini wake akaika manja, sachotsanso."

Man-seok anaseka mpaka kutsokomola. Anati iye wakankha galimoto za anthu amenewo mpaka imvi, popanda ndi zikomo yemwe, ndiye palibe choipa kuti nawonso alawe. Anaika nsombayo m'jekete.

Kusanazizire, anthu omanga msewu anabwera kudzafuna kamunda kamiyala kamene bambo ake anasiya kumudzi, malo oti ngakhale udzu unkawakana. Anamulipira ngati pansi pake pali golide. Man-seok anatsegula ofesi yake ya madalaivala onyamula oledzera, ndipo mafoni ankalira ngati mzinda wonse wagwirizana zomwa. Kenako anavala suti n'kulowa m'sitolo ya magalasi okhaokha, mmene kale ankangosuzumira ali panja.

Wogulitsa anamukhazika pansi, n'kumupatsa khofi, n'kuyamba mbiri. Anati kampaniyo inayamba anthu akuyenda pangolo za akavalo, kuti nkhondo inagwetsa fakitale yake mpaka phulusa koma eni ake anaimanganso, ndiye wogula galimotoyi sagula chitsulo chabe, amagula mtima wosagonja. Mawu amenewo anamulowa Man-seok, poti anaona ngati akunena za iyeyo. Koma funso lake linali limodzi: amaisiya bwanji pa nyutulo injini itazima? Wogulitsayo anakhumudwa ngati amutukwanira mayi ake. Anati galimoto zimenezi zimadzimanga zokha, poti kwawoko anthu sakankhirana galimoto ngati ngolo za kumsika. Man-seok anadzuka n'kutenga chipewa. Apo mnyamatayo anagwada pakhomo pa galimoto n'kumusonyeza kanjira kobisika koimasulira.

Mwambo unachitikira pabwalo loimikapo galimoto. Anansi anadya nkhumba ndi makeke a mpunga, n'kulowetsa ndalama m'kamwa mwa mutu uja monga mwa chizolowezi. Tak ndi amene anathira mowa pa tayala lakutsogolo, akuseka kuseka kosafika m'maso. Nsomba inalowa m'buti.

Kukoma kwa galimotoyo musakufunse. Pamsewu anzake ankamupatukira poopa kuikanda. Kumalo odyera anyamata ankathamanga kudzatsegula chitseko iye asanaime n'komwe. Amene ankamuti "iwe" anayamba kumuti "bwana Pyo". Kalilole wam'mbali atasweka, anamuuza kuti wina abwera pa sitima kuchokera ku Jeremani, ndipo ngakhale kudikirako ankakunyadira. Ankauza aliyense m'chikepe kuti zida za galimoto yake sizipezeka m'dziko muno.

Koma chimene chinkamukomera kuposa zonse chinali m'mawa. Ankaima pawindo, kapu m'manja, n'kumaonera Tak atakanikiza zikhato zake pabuti, nkhope itafiira. Poyamba Tak ankangodandaula za dzanzi. Kenako mpeni unayamba kumupulumuka pantchito. Pofika nyengo ya maluwa, mikono ija ya ng'ombe inkangolendewera ngati manja a malaya onyowa, ndipo butchala inatsekedwa. Madokotala anamujambula paliponse osapeza kanthu. Mlonda wa pamalopo, nkhalamba yaulemu dzina lake Gil, ndiye ankakankhira amayi a ana ndi aliyense wofulumira. Iyeyo sanachedwe. Analephera kunyamula tsache, kenako supuni, kenako anamwalira. Man-seok anapita kumaliro pa galimoto yomweyo, anapereka chipepeso chonenepa, n'kudya msuzi wa pamaliro mbale ziwiri. Mwezi umenewo anatsegula ofesi yachiwiri.

Anthu si ana. Anayamba kuwerenga amene akudwala, n'kuona kuti onse anali okankha galimoto yakuda ija. Anamuitanira kumsonkhano wa eni nyumba. Anamupempha mwaulemu kuti aike nambala ya foni pagalasi, kuti wotsekeredwa azimuimbira, iye azitsika kudzaisuntha yekha. Man-seok anaimirira, manja m'thumba.

"Ndani ndinamugwira dzanja kuti akankhe? Galimoto kulemera ndi mlandu? Pamene ndinkakankha zanu zija, msonkhano unalipo? Ngati mikono yanu ndi ya phala, muzidya nyama. Kapena nsanje ndi imene ikukufooketsani."

Msonkhano unathera pomwepo. Koma kuyambira m'mawa wotsatira, palibenso anaikhudza. Wotsekeredwa ankasiya galimoto yake pomwepo n'kukakwera sitima ya pansi pa nthaka. Amayi ankakoka ana awo akayandikira. Man-seok anayesa kunyengerera madalaivala ake, koma mbiri inali itafika kale kuofesi, ndipo ena anasiya ntchito tsiku lomwelo. Mafoni anayamba kuchepa. Zikhato zake zinayamba kuyabwa. M'mawa wina anangozindikira ali pabwalo, atavala masilipasi, manja atatambasula, kutsala pang'ono kugunda buti. Anabwerera m'nyumba akuthamanga chafutambuyo.

Anakweranso kanjira kaja. Eom anamumvetsera akusenda chipatso, n'kumuuza kuti wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Kuigulitsa sikungathandize, poti njala yake ikudziwa kale kwawo.

"Koma mukudandaula chiyani, bwana Pyo? M'nyumba mwanu mulibe wokudziwani dzina?"

Chun-ok sanasiye kashopu kake ngakhale chuma chitabwera, ndipo m'galimoto yakudayo anali asanakweremo. Madzulo amenewo anamuuza mwamuna wake kuti kumsika anthu asiya kumupatsa moni, kuti mkazi wa Tak amalavula akamuona, ndipo anamupempha kuti chinthucho achichotse, abwerere ku umphawi wawo umene unkawagonetsa tulo. Man-seok anati bola adzamuike m'manda ali m'galimoto momwemo. Atatero anatsika, n'kukaisuntha, n'kuiimika kutsogolo kwa kabokosi ka mkazi wake.

M'mawa Chun-ok anasuzumira pawindo, n'kuona. Anatembenukira kwa mwamuna wake, thumba la mpunga lili m'manja.

"Bambo a Ye-rim, mwanditsekereza."

"Makiyi sindikuwaona. Ingoikankha pang'ono, ndi yomasula."

"Ndikudziwa kuti ndi yomasula. Ndikudziwanso chimene inachita kwa a Gil." Anamuyang'ana m'maso. "Ine ndikutsika. Ngati ndinu mwamuna amene ndinakwatiwa naye, munditsatire ndi makiyi. Ali m'thumba lakumanzerelo."

Anatsika. Man-seok anaima pawindo, dzanja lili m'thumba, makiyi akumulasa m'chikhato. Anadziuza kuti kamodzi kokha ndi dzanzi basi, sing'anga ananena yekha. Anadziuza kuti mkaziyo akapuma ntchito n'zabwino, poti mkazi wa bwana sakulunga mpunga. Pansi paja Chun-ok anaika thumba pambali, n'kukweza maso kuwindo, n'kudikira. Anadikira nthawi yokwanira munthu kutsika masitepe onse n'kukweranso. Kenako anapinda manja a juzi lake n'kukankha.

Galimotoyo inali itagona ndi njala nthawi yaitali, ndiye sinalawe, inameza. Dzuwa lisanafike pamutu, mnzake wa kumsika anamubweretsa Chun-ok pa takisi, mikono ili lende. Mwana wawo Ye-rim anabwera kuchokera ku Ulsan kumene anakwatiwa, n'kulongedza zovala za mayi ake. Man-seok anayamba kulankhula za madokotala a ku Seoul, kuti ndalama si vuto. Chun-ok anadutsa pambali pake ngati akudutsa mtengo. Mwana ndi amene anamuveka nsapato.

Sabata imeneyo mafoni analiranso. Man-seok anagula matayala atsopano, n'kumayenda pang'onopang'ono pabwalo, galasi atatsitsa, kuti anansi amuone kuti sanagwe. Ankawapatsa moni mokweza, iwo n'kumayang'ana kumbali. Koma madzulo aliwonse ankaimika potsekereza, ndipo m'mawa uliwonse galimoto inkapezeka pomwe anaisiya. Tsopano odziwa dzina lake onse anali odwala, akufa, kapena ochenjera. Anayamba kugona atamanga manja ake kumwendo wa bedi ndi tayi.

Tayi si chingwe. M'mawa wina wa mvula, anthu opita kuntchito anamuona akutsika wopanda nsapato, akutukwana manja ake omwe, manjawo ali patsogolo ngati akumukoka. Mkazi wa Tak anaima chapafupi, atafunda ambulera. Man-seok anamuyang'ana, ndipo akanati apemphe thandizo, mwina wina akanamugwira m'chiuno. Koma anati, "Ukuyang'ana chiyani? Sunaonepo munthu akusisita galimoto yake?" Zikhato zinagunda buti.

Anaikankha kutuluka pabwalo, kudutsa pachipata, kulowa mumsewu, mabasi akuliza mabelu. Apolisi anayesa kumuchotsa, analephera, mpaka achipatala anamubaya jakisoni. Galimotoyo inakokedwa ndi chilole, palibe anafuna kuikhudza, ndipo chuma chonse chinatha, galimotoyo n'kupita limodzi ndi maofesi ndi nyumba. Koma Man-seok sanadziwe kuti yachoka. Mikono yake sinafote ngati ya enawo. Inauma ili chotambasula, ndipo msana unapindika. Kuchipatala akamumasula ankakankha mphepo kuchokera kukhoma lino kukafika uko, thukuta lili kamukamu. Atathawako, anthu ankamuona m'mbali mwa msewu wopita kumsika, akukankha chinthu cholemera chimene wina aliyense sankachiona, akukalipira odutsa.

"Patukani, mukanda penti. Iyi ndi ya ku Jeremani, simungailipire."

Anamupeza m'nyengo yozizira pa chitunda china, atagwada, manja ali patsogolo. Pomuika m'bokosi anavutika kuti chivundikiro chitsekeke.

Dyera ndi lotero. Limayamba ndi anthu amene umadana nawo, ndiye umaona ngati chilungamo. Likawamaliza limalowa m'nyumba, ndipo limakupeza utazolowera kale kuonerera pawindo. Ukasirira chinthu, uyambe wafunsa chimene chimadya, chifukwa chuma chodya anthu sichikhuta, ndipo mwini wake amakhala ndiwo yotsiriza.