Mwana Amene Nafisa Analembera Maimuna

Amalawi a ku Marabastad, mumzinda wa Pretoria, akamainena nkhani ya Dokotala Nafisa amaithira mchere wambiri. Ena amati kunawomba chimphepo, ena amati magetsi anazima mzinda wonse. Zimenezo n'zongowonjezera. Kunalibe mphepo, ndipo magetsi anayaka mpaka kucha. Anali madzulo wamba a mwezi wa Julaye, chaka cha 2003, kukuzizira monga kumachitira ku Pretoria, kuzizira kouma kong'amba milomo.

Nafisa anali wa ku Ntaja, m'boma la Machinga. Anabwera ku Joni kudzaphunzira ukatswiri wa matenda a maganizo pa chipatala china chachikulu. Mayeso anali atakhoza onse. Chinatsala n'chimodzi: nkhani yake ya kafukufuku ituluke m'magazini ya akatswiri a matendawa. Popanda nkhaniyo, digiri panalibe, ndipo popanda digiri sakanatha kubwerera kwawo. Kumudziko anasiya mwana wamkazi, Sumayya, m'manja mwa mayi ake. Anamusiya akuphunzira kuyenda, tsopano anali atayamba sukulu. Ankamvana Lamlungu lokha, agogowo akapita naye pa malo oimbira foni pa Ntaja.

Nkhani imene Nafisa analemba inali ya wodwala mmodzi, Mayi Maimuna a ku Namwera. Mayiwa ankachapa ndi kusita m'nyumba ina ku Irene, dera la anthu olemera kufupi ndi Pretoria. Anawabweretsa kuchipatala atawapeza ataima pageti tsiku lonse, osadya, osayankha. Atayamba kulankhula, palibe dokotala ankawamva kupatula Nafisa.

"Ndikutha, adokotala," ankatero. "Pabodala anandilemba dzina lina. Madamu amanditcha Mary. Kukiliniki anandichotsera zaka. Aliyense wondilemba amandinyema pang'ono, ngati chinangwa chootcha."

Mayi Maimuna anasiya ana atatu kwa mkulu wawo ku Namwera. Matendawa anayamba tsiku limene mwana wawo womaliza anawafunsa pafoni kuti, "Ndinu ndani?"

Mankhwala anathandiza. Asanawatulutse, Nafisa anawapempha chilolezo chakuti alembe za matenda awo. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Lembani. Koma mundilembe wathunthu. Musandinyeme."

Nafisa anagwedeza mutu kuvomera. Mayi Maimuna anatuluka mu Epulo, ndipo sanabwerenso kudzatenga mankhwala.

Mkonzi wa magazini ija anaibweza nkhaniyo. Akatswiri awiri amene anaiyesa, omwe maina awo sauzidwa kwa wolemba, anaiyamikira, koma anadandaula chinthu chimodzi. Wodwalayo akanatha kuzindikirika. Mudzi wake unalimo, ana ake atatu analimo, ngakhale chipsera cha simbi yositira pamkono wake wamanzere chinalimo. Lamulo la magazini silinkalola zimenezo.

Pulofesa wake sanaone vuto. "Sintha. Mudzi wina, ana ena, chipsera china. Bola matenda akhale omwewo. Tonse timatero. Koma itumizidwe mawa, apo ayi udikira chaka china."

Ndi mmene Nafisa anatsalira yekha muofesi madzulo amenewo. Anaswali magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, pakona, kuseri kwa kabati ya mafayilo, n'kukhala pakompyuta. Anali asanagone bwino masiku angapo. Kupeka munthu wabodza si ntchito yophweka. Mudzi uyenera kukhala womveka, zaka zigwirizane ndi ana, chipsera chikhale ndi chochiyambitsa. Mutu wake unali wolemera. Ndiye anangotola zimene zinali pafupi.

Anafufuta Namwera, n'kulemba Ntaja. Anafufuta zaka za mayiwo, n'kulemba zake. Chipsera cha pamkono anachisamutsira pachibwano, pamene iye mwini anavulala atagwa panjinga ali mwana. Atafika pa ana atatu aja anaima pang'ono. Kenako analemba kuti wodwalayo ali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene akuleredwa ndi agogo ake kumudzi.

Anaseka yekha. Palibe amene adzazindikire. Palibe amene wapwetekedwa.

Magazini inkafuna makope atatu, mizere yotalikirana, pamodzi ndi disiketi. Makina osindikizira anayamba kulira, tsamba ndi tsamba. Kunja kunali kutada. Okolopa anali atapita, atasiya fungo la polishi m'kanjira ka pakati pa maofesi. Tsamba lomaliza linatuluka lozilala, inki itatha. Nafisa anasanja mapepalawo, anaika m'envulopu yaikulu, n'kumata.

Makina atasiya kulira, m'nyumbamo munakhala zii.

"Odi."

Nafisa anauma. Pachipatala chimenecho panalibe wonena odi. Anthu ankagogoda, kapena kungokankha chitseko. Ndipo mawuwo sanachokere pamwamba. Anachokera m'munsi, cha pa chotsekulira, ngati munthu wagwada.

"Odi kuno."

Pakamwa pa mwana woleredwa bwino sipadikira mutu. "Lowani," anayankha.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Anali Mayi Maimuna, atavala kajuzi kopyapyala ndi mpango wobiriwira umene ankavala ali m'wodi. Mpando unalipo, koma anakhala pansi, pasimenti yozizira, n'kutambasula miyendo. Anapereka salaamu. Nafisa anayankha. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Pakamwa pa mlendoyo sipankatuluka kanthu.

"Mayi, mwalowa bwanji? Alonda akulolani?"

"Palibe wandiona. Si ndinakuuzani kuti ndikutha?"

"Mankhwala mukumwa?"

Maso a mayiwo anali pa envulopu.

"Ndabwera kudzathokoza, adokotala."

Anatukula nkhope kuloza kugetsi. Pachibwano pawo panali chipsera, chopindika ngati mbedza. Nafisa anayang'ana mkono wawo wamanzere. Khungu linali losalala.

"Ku Ntaja n'kwabwino," anapitiriza motsitsa mawu. "Nyumba ya malata. Bwemba kuseri kwa bafa. Chitseko chakuchipinda chimakhula pansi, umachita kuchinyamula."

Zimenezo Nafisa sanazilembe. Sanaziuzepo munthu aliyense ku Joni.

"Ndiye mwanayo. Wachoka mano awiri akutsogolo. Mukudziwa?"

Nafisa sankadziwa. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mayi, mvetserani. Ndi lamulo la magazini. Timasintha kuti tikutetezeni, anthu asakudziweni."

"Onse amatero. Wa pabodala anatero. Madamu anatero." Munalibe mkwiyo m'mawu mwawo. "Koma inu nokha ndi amene mwandibwezerako kanthu. Enawo ankangochotsa. Funso langa n'limodzi. Zimene mwandichotsera mwaziika kuti? Namwera wanga, ana anga atatu, geti langa. Katundu sangokhala pansi. Pamafunika wosenza."

Nafisa anayang'ana envulopu ija. Anangoiyang'ana kamphindi. Atatembenuka, chitseko chinali chotsekula, pansi palibe munthu. M'chipindamo munkanunkha nsalu yopserera, ngati wina waiwala simbi pamalaya.

Anatuluka. Kanjira konse kanali kowala, kopanda munthu. Anatsika mpaka pageti. Mlonda anali ataweramira mbaula yake.

"Eish, adokotala, kuzizira kumeneku alowa ndani? Ngakhale mphaka sanadutse."

Apa m'pamene anthu ambiri amamuweruza Nafisa, koma tiyenera kumumvetsa. Anali munthu wa mabuku, ndipo zimene zinamuchitikirazo ankazidziwa maina ake. Munthu wosagona amaona zinthu. Ubongo wotopa umatenga mantha ako n'kuwaveka nkhope ya munthu wina. Bwemba ndi chitseko zinali kale m'mutu mwake. Za mano, mwana aliyense wa msinkhu umenewo amachoka mano. Iye mwini ankawaphunzitsa ana asukulu zimenezi. Inki inali itatha, kusindikizanso kunali kosatheka usiku umenewo. Akanabwezera zoona, nkhaniyo ikanakanidwa. Akanadikira, Sumayya akanakula chaka china popanda mayi. Ndipo dokotala wong'amba kafukufuku wake chifukwa cha mlendo wosaoneka, malo ake si muofesi koma pabedi m'wodi.

Anabwerera, anatenga envulopu ndi chikwama, anazimitsa getsi.

Bokosi lofiira la makalata linali kunja kwa geti, pansi pa mtengo wopanda masamba. Anaima pamenepo. Msewu unali duu. Analowetsa envulopu mpaka theka, n'kuigwirabe. Kumbuyo kwake kunalibe phokoso lililonse, koma sanafune kucheuka.

Anaisiya. Inagwera m'kati, khu.

Potulutsa dzanja anamva kuwotcha pamkono wamanzere.

Chotsatira chimene amakumbukira ndi kuwala kwa m'bandakucha. Mapazi ake anali atachita dzanzi. Anali ataima pa geti lalitali lachitsulo, mpanda wake wa mawaya a magetsi, m'dera limene anali asanapondemo chibadwire. Pambali pake panali amayi ofunda mabulangete, atanyamula tizikwama, kudikira kuti awatsekulire. Chikwama chake chija analibe. M'dzanja munali kajumbo kapulasitiki, m'kati muli epuloni yopindidwa bwino.

Mlonda wa pamenepo anasuzumira pawindo n'kumwetulira.

"Hawu, Mary! Unasowera kuti? Madamu atopa n'kufunsa. Zochapa zaunjikana."

Nafisa anatsekula pakamwa kuti akane. Anapeza kuti miyendo yake yayamba kale kulowa, ndipo ikudziwa kokhotera.

Anamupulumutsa ndi bambo wina wosamalira maluwa, Zakeyu wa ku Ntcheu, amene anamugwira pamkono.

"Pepani, kodi si inu achemwali a Adamu wa mabulangete ku Marabastad? Adokotala aja? Mukutani kuno ku Irene mamawa ano?"

Zakeyu atamuimbira foni, Adamu, mchimwene wamkulu wa Nafisa, anabwera ndi kagalimoto kake kakatundu. Anamufunditsa bulangete latsopano, la m'pepala, n'kulowa naye mumsewu waukulu.

"Achimwene," anatero Nafisa, "Mayi Maimuna a ku Namwera mumawadziwa?"

Adamu anachepetsa liwiro.

"Bwanji ukufunsa za iwowo?"

"Ndiuzeni basi."

"Tinawaika mu Meyi. Anawapeza pasiteshoni ya sitima m'mawa, atakhala pabenchi, ataumiratu. Wachibale panalibe. Anawasambitsa ndi amayi a kumzikiti kwathu. Pepala lililonse m'chikwama mwawo linali ndi dzina lakelake. Pathabwa la pamanda sitinadziwe cholemba. Lili choncho mpaka lero."

Pulofesa anafotokoza zonse mosavuta. Kutopa kwambiri kumatha kumuyendetsa munthu osadziwa, ndipo adiresi ya ku Irene inali m'fayilo imene Nafisa anaiwerenga kambirimbiri. Bala la pamkono, anati mwina anakhudza chotenthetsera cha muofesi. Alonda nawo, akazi ovala mipango amawaona ngati munthu mmodzi. Za epuloni sananenepo kanthu. Anamupatsa masabata awiri opumula. Nafisa anavomereza zonse, chifukwa zinali zomveka, ndipo akanakhala iye akanamuuza wodwala zomwezo.

Lamlungu anaimba foni ku Ntaja, ali m'shopu mwa Adamu, pakati pa milu ya mabulangete. Mayi ake anayankha mosangalala.

"Mwana wako masiku ano wasintha, iwe. Kulira usiku kuja wasiya. Akugona ngati mwala. Ndiye akudzuka tsitsi litalukidwa bwinobwino, ndikamufunsa akungoseka. Kaya ndi ana a kwa aneba, kaya."

"Mano, amayi? Mano ake ali bwanji?"

"Awiri akutsogolo anachoka sabata yatha. Wakuuza ndani? Dikira, nayu."

Panamveka kukhwekhwereza, kenako kupuma kwa mwana.

"Sumayya, mwanangu. Ndine amayi."

Kumbuyo kwa mwanayo kunkamveka belu la njinga ndi munthu wotsatsa mandasi.

"Ndinu ndani?" anafunsa, mawu akutulukira pa mpata wa mano.

"Ndine amayi ako, ku Joni."

"Ayi. Amayi anabwera kale. Ndawasiya kunyumba, akundisitira yunifomu."

Nkhani ija inatuluka m'magazini chaka chotsatira, osasinthidwa ngakhale liwu limodzi, ndipo akatswiri anaiyamikira. Digiri anaipeza. Ku Ntaja anapitako kamodzi. Mwanayo anamugwadira, anamupatsa moni waulemu wa mlendo, n'kukabisala kuseri kwa bwemba. Nafisa anabwerera ku Joni sabata isanathe.

Madokotala amati mwana wosiyidwa ali khanda amatero. Ku Marabastad amanong'ona zina. Adamu salowerera mbali iliyonse. Chimene iye amanena, akafunsidwa kwambiri, n'chakuti mlongo wakeyo akagona kunyumba kwake amamumva m'tulo akuitana ana kuti abwere adzasambe. Amatchula maina atatu, omwewomwewo nthawi zonse. Palibe limodzi la Sumayya.